Kuseri kwa Dzanja la Ba Elisha

Ine ndi Ba Elisha Mvula tinagawana mpanda umodzi wa mabango kuno ku Shikoswe kuyambira mwana wanga Favour asanamere mano, ndiye ndikamawanena musati ndikujeda. Ndimawadziwa. Ndimadziwa chifuwa chawo cha m'mamawa, ndimadziwa wailesi yawo, ndimadziwanso fungo la palafini limene limalowa m'nsomba zanga zouma ndikaziyanika pafupi ndi mpanda tsiku limene iwo akutsuka mabelingi. Za fungolo takangana kambirimbiri. Iwo sanapepesepo, ine sindinaleke kulalata, ndipo tikadali anansi.

Atate awo anachokera ku Katete kudzagwira ntchito ya njanji, Ba Elisha n'kubadwira m'komboni ya kuseri kwa siteshoni. Atakula analowa momwemo. Ntchito yawo inali yoyenda m'mbali mwa sitima ikangoima pa Kafue, nyundo yaitali m'manja, kugogoda wilo lililonse n'kumvetsera kulira kwake, kenako kukhudza bokosi la belingi kuti amve ngati latentha. Sankakhudza ndi chikhatho. Amati chikhatho n'chabodza, chinakhuthala ndi ntchito, koma kuseri kwa dzanja ndiko kumanena zoona. Bogi lotentha ankalichotsetsa pa sitima, woyendetsa kaya atukwane bwanji.

Atapuma pa ntchito anakokera kunyumba chinthu china kuchokera ku yadi ya zitsulo zakale ku Industrial, ife n'kumaseka. Inali tilela ya anthu okonda kukagona kutchire: bokosi la mawilo awiri, ukatsegula chivundikiro pamatuluka tenti, m'kati muli pogona anthu awiri ndi kashelefu ka mapoto. Inabwera yadzimbiri, makoswe ataberekeramo. Anaikonza pang'onopang'ono, osafunsa nzeru kwa munthu, mpaka amene tinkaseka tinayamba kubwereka. Okawedza ku Siavonga amaitenga. A Sabata opita ku msonkhano wa misasa amaitenga. Ndipo poti ndife anthu a Kafue, sitinachedwe kuona kuti ukachotsa matilesi bokosi la maliro limakwana bwinobwino. Amene anaipanga sanalote zimenezo, koma yaperekeza anthu ambiri kumanda.

Lamulo lawo linali limodzi chabe: tilela situluka pageti dzanja lawo lisanavomere.

Mukanawaona akugwira ntchitoyo! Ankayala saka pansi pa mtengo wa mango, kukweza tilela ndi jeke, kugwira wilo pamwamba ndi pansi n'kuligwedeza, kulizunguza khutu lili pafupi. Akatero ankachotsa kachivundikiro ka pakati pa wilo, kuwongola kapini, kumasula nati, n'kutulutsa mabelingi awiri, lakunja ndi lam'kati. Belingi ndi kamkombero ka timiyala tachitsulo timene wilo limazungulirapo, ndipo iwo ankalitsuka m'chitini cha palafini n'kuliyang'ana padzuwa kamwala ndi kamwala. Gilisi sankangopaka pamwamba ayi. Ankaika chibulumwa pachikhatho n'kumakandira belingi pamenepo mpaka gilisiyo atatulukira mbali ina. Kumbuyo kwa habu, chitsulo chimene wilo limamangidwapo, kumakhala kamphira kozungulira kotchedwa siilu, kotsekera gilisi m'kati ndi fumbi kunja. Kameneko sankabwezerapo kakale, ngakhale kaoneke kabwino chotani. Katsopano ankakagogoda ndi kathabwa, pang'onopang'ono, kuti kalowe mofanana. Ndipo ulendo usanachitike ankayamba ayesa tilelayo mpaka ku buliji, mlatho wa pa mtsinje wa Kafue, kutsika, n'kuika kuseri kwa dzanja pa habu, uku ndi uku.

Mkazi wawo, Ba Tinenenji, amene tonse timati Amake Mwai, sanakhudzepo tilelayo chibwerere. Ndi munthu waukhondo woopsa, wa makatani oyera, ndipo Ba Elisha sankalowa m'nyumba asanasambe m'manja panja ndi sopo ndi mchenga. Akamakonza tilela, Amake Mwai ankawaikira tiyi pamwala patali n'kubwerera.

Chaka chatha, kutentha kwa Okutobala kutayamba, kunabwera uthenga kuchokera kumudzi, kupitirira Katete. Akulu awo a Amake Mwai, m'bale yekhayo amene anawatsalira, anali atafooka. Mawu ake anali osazungulira: bwera udzandione ndikadali ndi maso, usadzabwere kudzalira. Vuto n'lakuti Amake Mwai ali ndi msana. Basi ya ku Chipata sangaipirire, akakhala nthawi yaitali miyendo imauma. Ndiye anapangana kuti apite ndi tilela, aziyenda pang'ono, kuima, kutsegula tenti, mayi agone, mawa apitirize. Wokoka akhale mkamwini wawo Shadreck, mwamuna wa mwana wawo Mwaiwathu, amene ali ndi vani. Anafunika kunyamuka mvula isanagwe, chifukwa kamsewu ka kumudziko kakanyowa sikadutsika mpaka Epulo, ndipo palibe amene ankakhulupirira kuti mayi odwalawo afika Epulo.

Masiku omwewo ndinaona chinthu. Ndinkaotcha chinangwa pambaula pafupi ndi mpanda, Ba Elisha n'kubwera kudzapempha moto. Waya woikapo chinangwa anapendekeka, iwo n'kumugwira ndi dzanja kumuwongola, osathamanga, akundiuza nkhani ya magetsi. Waya wa pamakala, abale! Ine ndinakuwa, iwo n'kudabwa kuti ndakuwiranji. Atayang'ana zala anapeza mzere woyera, khungu litapsa.

"Ba Elisha, simunamve?"

Anayang'ana kunyumba kwawo kaye, kenako anatsitsa mawu. "Ndi shuga uyu, Amake Favour. Anayambira kumapazi. Manje wafika m'manja, ndi dzanzi lokhalokha. Ku chipatala akudziwa. Koma kunyumba musakambe."

"Nanga tilela?"

"Maso ndili nawo, makutu ndili nawo."

"Koma lamulo lanu silinena za maso."

Anatenga moto wawo n'kumapita. Ndinakwiya, ndinamvanso chisoni, ndipo chinangwa chinapserera.

Tsiku loyesa tilela ndinapempha kukwera nawo, poti ndinkafuna nsomba zaziwisi ku buliji. Amake Mwai anakwera kutsogolo kuti ayese mpando ndi mapilo awo, ine ndi Ba Elisha kumbuyo. Tilelayo inali itakhala milungu ingapo osayenda, chibwerere ku maliro ku Chanyanya, kumene Shadreck anakaperekeza nayo mnzake wa kuntchito. Inabwerako yowala ngati yatsopano, ndipo Ba Elisha sanaitsegule. Anati gilisi ndi watsopano, anaika maliro asanachitike. Ine ndikuganiza kuti kapini kaja kanali katayamba kuwavuta m'zala, koma limenelo ndi langa.

Titafika ku buliji Shadreck anaima pambali, pamene amayi amagulitsa nsomba. Ba Elisha anatsika monga mwa nthawi zonse, kuwerama, kuika kuseri kwa dzanja pa habu ya kumanzere, kuzungulira, kuikanso ya kumanja. Anaimirira n'kunena kuti, "Ili bwino."

Ine ndinali kumasula beseni langa limene ndinamangirira pamwamba pa tilela. Chingwe chinagwera kuseri kwa wilo la kumanja, ndiye ndinawerama kuti ndichitole, mkono n'kukhudza habu ija.

"Mayo ine! Moto!"

Sindinapangire dala, Mulungu akudziwa. Pakamwa panatseguka pokha. Shadreck anathamanga, kulavulira pa chitsulocho, malovu n'kuchita thovu. Apo m'pamene tonse tinamva fungo la gilisi wopserera, limene poyamba linabisika ndi fungo la nsomba. Amake Mwai anali atatsika. Sanayang'ane wilo. Anagwira dzanja la amuna awo, kulitembenuza, n'kuona kuseri kwake kutafiira, pazala pali chipsera cha waya wanga. Analisiya dzanjalo bwinobwino n'kubwerera m'galimoto.

Tinadikira kuti chitsulo chizizire, tinabwerera pang'onopang'ono ngati a maliro, ndipo nsomba sindinagule.

Kunyumba Ba Elisha anakweza jeke n'kutsegula. M'malo mwa gilisi munatuluka zoyera zamadzimadzi ngati mabisi, mkaka wosasa wa Atonga, zosakanikirana ndi mchenga ndi dzimbiri. Timiyala ta belingi tinali titabiriwira, siilu itang'ambika.

"Ba Shadreck," anatero modekha, "tilela iyi inasamba kuti?"

Shadreck anakanda m'mutu. "Apongozi, ni bakulu ba ku Chanyanya. Banakamba ati chinthu chanyamula maliro sichingabwelele ku nyumba ya mwine chosasamba. Makasu banasuka, mafosholo banasuka, ise tinasamba m'manja. Manje tilela banati tiingenese chabe mu mumana, mu mtsinje. Ninabweza livesi pa dooko mpaka mawilo yanabila."

"Mutangochoka pamsewu?"

"Ee, kuchoka kumanda chabe."

Ine pamenepo ndinali wokonzeka kumutsira mawu mnyamata ameneyu, koma Ba Elisha anangogwedeza mutu. Anafotokoza kuti habu ikatentha ndi ulendo n'kuimiza m'madzi ozizira, imakoka mpweya, ndipo pokoka imameza madzi kudzera pa siilu, madziwo n'kukhala m'kati kumadya chitsulo mwakachetechete. "Anachita mwaulemu," anatero. "Sanafune kundibwezera imfa pakhomo. Akanangotunga ndi ndowa." Kenako anapukuta manja pasaka, nthawi yaitali, n'kunena chimene chinali pamtima. "Madzi si mlandu. Mabelingi ndigula ena. Mlandu ndi wakuti ndinagwira moto n'kunena kuti ili bwino. Zikanachitika pa mapiri a ku Luangwa, wilo likanatisiya, amayi anu ali m'galimoto. Tilela iyi siipita ku Katete."

"Nizayamba kugwila ine, apongozi. Paliponse tikaima."

"Inu mumakhala ndi changu, Ba Shadreck. Kwa munthu wachangu chitsulo chilichonse n'chozizira."

Mawu anathera pomwepo. Amake Mwai anamva zonse ali pakhomo la khitchini. Madzulo ake ndinawaona akutulutsa m'chikwama zitenje zimene anagulira akulu awo, kuzipinda kachiwiri, n'kuzibwezeramo.

Masiku otsatira mitambo inayamba kusonkhana kumadzulo, cha ku Chanyanya. Ba Elisha anakagula mabelingi ndi masiilu m'tauni, chifukwa sangagone tilela ili yotsegula, koma ankagwira ntchitoyo ngati munthu wosesa pa nyumba imene akusamukapo. Kapini kankawagwa, n'kumakasaka m'fumbi. Ine zinandikwana. Ndinaima pa mpanda n'kuwauza kuti kuuma mutu si chipembedzo, kuti mayi akumwalira kumudzi pamene iwo akulira maliro a dzanja, kuti Kafue yonse ili ndi manja. Ndinanena zambiri, zina sindingazibwereze. Anandimvera mpaka ndinatopa.

"Mwatha, Amake Favour? Ine ndinagwira ntchito imeneyi moyo wanga wonse, ndipo sindinalolepo wilo kuyenda pa mawu a munthu wina. Sikuti ndimanyoza anthu. Kungoti wonena kuti ili bwino azikhala woti zikalakwika zimupweteka iye."

Tikulankhula choncho chitseko chinatseguka. Amake Mwai anatuluka atavala shati yakale ya amuna awo, ya ku njanji, manja ake atapinda mpaka m'zigongono, kumutu atamanga duku. Anayenda mowongoka chifukwa cha msana uja, anakoka kampando, n'kukhala pafupi ndi wilo.

"Atate a Mwai, sunthani. Ndiuzeni pogwira."

"Mudetsa manja."

"Ndi anga."

Ndinafuna kuseka, koma ndinaona nkhope zawo n'kudziletsa. Ba Elisha anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anatapa gilisi n'kuwaikira pachikhatho. Amake Mwai anakwinya mphuno. Anatenga belingi n'kuyamba kukanda monga anauzidwira, poyamba monyansidwa, kenako mwaukali, mpaka gilisi anatumphukira pamwamba pakati pa timiyala. Siilu anagogoda Ba Elisha, poti imeneyo ndi ntchito ya maso, koma Amake Mwai ndi amene anayendetsa chala m'mphepete n'kunena kuti mbali ina yatsalira. Inalidi itatsalira.

Pa nati m'pamene anakangana. Amake Mwai anagwira sipanala n'kumanga ndi mphamvu zawo zonse, monga amatsekera chigubu cha mafuta ophikira, n'kunena kuti chomanga chimangike, ulendo ndi wautali. Wilo linakana kuzungulira.

"Mwalipha," anatero Ba Elisha. "Mangani mukuzunguza wilo, kuti belingi likhale pamalo pake. Likakhala, bwezani. Kenako mangani ndi zala zokha, pamene zala zalekera ndi pomwepo."

"Ndisiye nati yosamanga? Pa msewu wa ku Chipata? Mwapenga kodi?"

"Kapini ndi kamene kamagwira. Mukafinya, litentha tisanafike ku Chongwe."

Anabwereza kangapo. Amake Mwai ankang'ung'udza kuti nzeru za ku njanji n'zokhota, Ba Elisha ankafunsa kuti mukumva chiyani, likugwedera kapena lagwira, iwo n'kumayankha maso ali otseka. Pomaliza wilo linazungulira mwakachetechete, ndipo poligwedeza Amake Mwai anati akumva kakugunda kakang'ono kwambiri, kosaoneka ndi maso. Ba Elisha anati ndi komweko. Anatsegulanso wilo linalo, poti nalonso linasamba mumtsinje womwewo, ndipo anamaliza dzuwa litapendeka. Tsiku limenelo pa mpopi wa panja panasamba anthu awiri, sopo mmodzi.

Za kutentha anayesa kuwaphunzitsa ndi mawu. Anati habu yabwino imafunda chabe, dzanja limakhalapo osafuna kuthawa, ndipo mbali ziwiri zizifanana. Amake Mwai anawadula. "Ndalera ana, ndalera adzukulu. Mundiphunzitse ine kusiyanitsa mwana wofunda ndi mwana wa malungo?" Koma Ba Elisha sanalonjeze kanthu. Anati tidzaona pamsewu, ndipo ngati mtima wawo sudzakhazikika, galimoto idzatembenuka.

Ananyamuka Loweruka m'mawa, kumwamba kuli mitambo koma pansi pouma. Ine ndinakwera nawo ndi matumba anga a nsomba, kuti akanditsitse ku Lusaka ndikagulitse ku msika wa Soweto. Shadreck ankayendetsa ngati wanyamula mazira, ndipo Ba Elisha anapendeketsa mutu kuwindo njira yonse, kumvetsera kumbuyo. Titadutsa Shimabala anati, "Imani apa."

Tinatsika tonse. Malole ankadutsa n'kumatiwaza fumbi. Amake Mwai anagwira m'mbali mwa tilela, kuwerama pang'onopang'ono, n'kuika kuseri kwa dzanja pa habu ya kumanja. Anakhala choncho. Anazungulira, kugwira ya kumanzere, n'kubwereranso ku ya kumanja. Shadreck anatsegula pakamwa, ine n'kumuponda phazi.

"Shani? Zili bwanji?" anafunsa Ba Elisha. Mawu anatuluka aang'ono.

"Zafunda chabe. Zonse ziwiri chimodzimodzi."

"Mwatsimikiza? Musanene chifukwa mukufuna kukafika."

Amake Mwai anawongoka n'kuwayang'ana m'maso. "Ndikufuna kukafika, ee. Ndikufuna kwambiri. Koma m'galimotomo mulinso inu."

Ba Elisha anayandikira wilo. Ndinaona dzanja lawo likutsika lokha, monga lakhala likuchitira kuyambira ali mnyamata pa siteshoni, n'kuima m'malere pafupi ndi chitsulo. Ndinadziwa kuti akakhudza sadzamva kanthu, ndipo akapanda kumva kanthu adzati tibwerere. Anaima choncho, lole ina n'kudutsa. Kenako anabweza dzanjalo n'kulipukuta pa buluku, ngakhale linalibe chodetsa.

"Ba Shadreck, tiyeni. Tikaimenso ku Chongwe."

Pokwera, Amake Mwai anati kutsogolo kukuwomba mphepo, ine ndikhaleko, iwo akhala kumbuyo ndi mapilo awo. Mphepo yake iti, mawindo ali otseka? Koma ndinakhala. Titayenda pang'ono ndinatembenuka kuti ndiwapatse nthochi, n'kuona kuti agwira dzanja la amuna awo, alisunga pamiyendo pawo ndi manja onse awiri, gilisi akadali m'zikhadabo. Ba Elisha ankayang'ana kunja, khutu lili ku tilela, osadziwa kanthu. Tinadutsa Chilanga yonse ali choncho. Pafupi ndi Makeni anafuna kuloza chinachake, dzanja n'kukana kubwera, ndipo m'pamene anayang'ana pansi n'kuona.

"Mwaligwira liti?" anafunsa.

"Kalekale," anatero Amake Mwai.

Ine ndinatembenukira kutsogolo n'kudya nthochi ija ndekha, misozi ikugwera pa chitenje.